Geti la Amake Inonge

Ndinaganiza zochoka mu Lusaka tsiku limene mkulu wanga, Ba Gift, anandifunsa pamaso pa matenanti kuti udindo wanga pa yadi ndi wotani kwenikweni. Ndinali nditakhala pa buloko pansi pa mtengo wa mapeyala, ndikudya chinangwa cha munthu wina. Ndinayankha mwaulemu kuti ndine mlangizi. Anafunsa kuti wa ndani. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ngakhale nkhuku zinayang'ana kumbali.

Bambo anali atamwalira chaka chomwecho. Iwo ali moyo, ulova wanga unali ndi ulemu wake. Ndinali mwana amene anafika ku koleji, ndipo zoti ndinatulukako ndi chikwama chokha popanda pepala, bambo ankazifotokoza mofatsa. "Yotamu ali pa holide," ankatero kwa aliyense wofunsa, mpaka holideyo inamera ndevu. Ba Gift chikhulupiriro chimenecho analibe.

Ndiyenera kufotokoza kaye kayendetsedwe ka boma la yadi yathu, chifukwa za maboma ndi zokhazo zimene ndinaphunzira ndisanapume. Yadiyo ili ku komboni ya George, kuseri kwa msika. Agogo aamuna anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito, nasiyira bambo puloti ndi makina osokera. Kumbuyo kwathu kunali kapuloti ka Amake Inonge, mayi wachilozi wamasiye, wogulitsa nsomba zouma zochokera kwawo. Bambo atafuna kumanga mzere wa zipinda za lendi, anapeza kuti malo sakukwana pokhapokha atadyako kachigawo ka malo a mayiwa. Anapita kukapempha kuti mpanda wa mabuloko ukhale umodzi, uzungulire mapuloti onse awiri.

Panganolo linachitika masana, anthu a ntchito onse ali ku ntchito, n'chifukwa chake mboni ndinali ine. Dziko limaiwala kuti mbiri ikamachitika, oiona ndi malova. Pepala panalibe. Amake Inonge anakhala pa mphasa, atatambasula miyendo, nanena mawu awo mosathamanga.

"Ba Phiri, mpanda umodzi navomera. Koma geti yanga ikhale yanga, yoyang'ana ku njira ya kumbuyo. Nitsegula nikafuna, nitseka nikafuna. Balendo banga simubafunsa. Nsomba zanga simuzikambira vya fungo. Mbali yanga nilamulira neka."

Bambo anavula chipewa. "Zikhala choncho, mayi. Ine ndili moyo, ngakhale nditapita."

Mayiwa anawerama, nawomba m'manja mwa kwawo, pang'onopang'ono. Ine ndinapatsidwa nsomba yowotcha, yomwe m'malamulo a ku George ndi chidindo.

Kuyambira pamenepo mkati mwa mpanda umodzi munali maboma awiri. Matenanti anali pansi pa lamulo la bambo: geti lalikulu limatsekedwa pa nthawi yake, kusesa ndi kosinthana, wailesi itsike Lamulungu, milandu yonse imaweruzidwa pafupi ndi makina osokera. Koma ukangodutsa chingwe choyanika zovala, unali utalowa dziko lina. Kumeneko nsomba zinkayanikidwa pa denga tsiku lililonse, alendo ankalowa ndi kutuluka osafunsidwa, ndipo tenanti wothamangitsa mwana wake ndi lamba ankaima pa chingwe ngati wapolisi wafika pa malire. Ndinauza bambo kuti m'mabuku zimenezi amati chitaganya chopendekeka: zigawo zili pansi pa denga limodzi, koma china chili ndi ufulu umene zinzake zilibe. Anaimitsa makina. "Mawu akuti chitaganya agogo ako ankalavula akawatchula," anatero. "Ukawatchulanso pano, chakudya ukadya ku koleji."

Geti lenilenilo linali la malata obiriwira, lopendama, lolira ngati mbuzi yomangidwa. Mpaka lero ndikatseka maso ndimalimva. M'mawa amayi a m'njira ya kumbuyo ankabwera ndi timbale, kugula nsomba ndi kusiya nkhani. Ine ndinkakhala pamenepo ngati nthumwi ya boma lalikulu, kuthandiza kuingitsa ntchentche. Panalibe malo ena mu Lusaka amene munthu wopanda ntchito ankaoneka wotanganidwa chomwecho.

Bambo ataikidwa, Ba Gift anayamba kuyang'ana geti lija ndi diso la munthu woyeza. Ankangoima pa chingwe, manja kumbuyo, kuliyang'ana likutseguka ndi kutsekeka popanda chilolezo chawo. Amake Inonge ankaona zonsezo. Ndi iwo amene anandipezera ntchito kwawo ku Mongu, pa chigayo cha mpunga cha mlongo wawo, ndipo tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa geti lawolo.

"Yenda, Yotamu, ukaphunzire kutopa," anatero. "Koma usafe. Mboni yanga ndiwe weka."

Ndinawalonjeza kuti nkhani ya kusafa ndiiganizira mofatsa.

Basi ya ku Mongu imayenda mpaka munthu kuiwala chimene unathawa. Kenaka umatsika, phazi n'kulowa mumchenga. Nsapato zanga za ku koleji zinagonja tsiku lomwelo. Tauniyo ili pamtunda, ndipo ukafika kumapeto kwake dziko limangothera pompo. M'munsimo ndi chidambo cha madzi ndi udzu mpaka kukakhudza mitambo. Ine mwana wa ku George, amene kutali kwambiri kumene diso langa linafikapo ndi khoma la aneba, ndinachita chizungulire.

Mlongo wa Amake Inonge anali Bo Sitali, pakuti kumeneko ba wathu amasanduka bo. Anali bambo wamtali, wosalankhula zambiri, amene anaphunzira Chinyanja akugwira ntchito ya njanji ali mnyamata. Atamva kuti ndinafika ku koleji, anandipatsa ntchito yoyenera maphunziro anga: kulemba maina a eni mpunga pa matumba. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa chigayo, ndipo gaga wa mpunga ankandipeza ngakhale m'maloto. Malipiro anali ochepa koma anali anga. Mwezi ukatha ndinkatumiza kenakake kunyumba pa foni, kokwanira kuti dzina langa lisamatchulidwe ndi mawu akuti "uja".

Chimene sindinayembekezere ndi kusowa phokoso. Ndinasowa makondakitala okuwa kuti tauni, tauni. Ndinasowa utsi wa mbaula m'mawa, matchalitchi opikisana pa masipika, ngakhale ngalande yathu yonunkha ija ndinaikumbuka ngati m'bale. Ku Mongu anthu amapatsana moni motalika, mowerama, ndi m'manja, ndipo ine ndinkawomba pa malo olakwika ngati munthu wolowa kwaya mochedwa.

Wondisunga moyo anali mlamu wanga, Ba Mwansa, mkazi wa Ba Gift. Iwo ndi Mbemba, ife ndife a kum'mawa, ndiye kuti ndi ambuya anga: mitundu yathu ili ndi ufulu wonyozana mpaka pamaliro, popanda wokwiya. Ankanditumizira mawu pa foni. "Iwe wodya mbewa, uliko? Kapena ng'ona zakudya? Zingadwale." Ine ndinkayankha kuti ndawapezera anyani onenepa m'njira, atumize poto. Ndinkamvetsera mawu amenewo kobwerezabwereza, osati chifukwa cha nzeru zake, koma chifukwa kumbuyo kwake kunkamveka yadi yonse: mwana akulira, ndowa pa mpopi, ndipo nthawi zina, patali, geti lija likulira.

Chimbuya chimenechi ndi chimene chinandigwetsa. Munthu wokulira ku George amaganiza kuti dziko lonse ndi ambuya ake.

Pa chigayo, nthawi yopuma, amuna ankakhala pa matumba n'kumatsutsana m'Chilozi, ndipo mawu amodzi ankabwerabwera: tumelelano. Nditafunsa, wina anandiuza kuti ndi pangano, limene dziko lawo linalowera mu Zambia pa nthawi ya ufulu, lija linafafanizidwa pambuyo pake. Zimenezi ndinali nditazimvapo m'kalasi, ndime imodzi, tsiku lina kutatsala pang'ono kuweruka. Ndinaona kuti mwayi wanga wopeza anzanga wafika. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndi kulankhula ndi mawu anga a pa msonkhano.

"Abale, ndikupepesa. Sindinadziwe kuti ndili kunja kwa dziko. Pasipoti ndinaiwala ku George. Ndikupempha kuti malipiro anga azibwera m'ndalama zakunja, ndipo ngati pa mbendera yanu pali malo, ndikupereka maganizo a nsomba youma."

Ku George nthabwala imeneyo ikanandidyetsa mlungu wathunthu. Pano kunangoti zii, kumangomveka lamba wa chigayo. Bo Sitali anandiyang'ana kwa nthawi.

"Mwana wa Phiri, ndiwe Mutonga?"

"Iyayi, bwana."

"Bambuya bathu ni Batonga. Mutonga angakambe ivo, tizaseka, tizamubwezera. Manje iwe useka na ndani?"

Sanandikalipire, sanandichotse ntchito. Anachita choopsa kuposa apo: anayamba kundilemekeza. Onse. M'mawa moni wathunthu, wa m'manja, ngati ndine woyendera sukulu. Ndikafika pa matumba, nkhani inkaima, wina n'kundipatsa pokhala pabwino, onse n'kumadikira kuti ndichoke. Ndakhalapo wopanda ndalama, ndakhalapo wopanda pepala, koma kukhala pakati pa anthu osakuseka ndi umphawi wina. Masiku amenewo ndinkadya ndekha kuseri kwa chigayo, ndikuuza abuluzi nthabwala zanga.

Nkhani za kunyumba nazo zinayamba kusintha. Ba Mwansa ankazitchula modutsa, pakati pa mbewa ndi anyani. Tenanti wina anaberedwa batire la sola, ndipo anthu akuti mbala inalowera kumbuyo. Kenaka: Ba Gift agulira Amake Inonge loko watsopano, wolimba, mphatso, kiyi wina asunga iwo, kuchitira ngozi. Kenaka: geti la kumbuyo lizitsekedwa nthawi imodzi ndi lalikulu, kuti matenanti asamadandaule za tsankho. Chilichonse pachokha chinali chanzeru. Ndikaimbira Amake Inonge, iwo ankangofunsa ngati ndikudya, ndi kuti madzi afika pati m'dambo.

Amene anathetsa chilango changa ndi Bo Sitali omwe. Tsiku lina ananditenga kupita ku doko kukalandira mpunga wobwera pa mabwato. Mabwato anachedwa, ndipo tinakhala pamchenga, iwo akuyang'ana madzi.

Anandiuza kuti Zambia isanabadwe, dziko lawo linali kale ndi mfumu yake yaikulu, bwalo lake la nduna, makhoti ake. Polowa m'dziko latsopanolo sanakokedwe. Anakhala pansi, nasainirana kuti dziko likhala limodzi, koma nthaka yawo, nkhalango, usodzi, milandu ya mwambo ndi misonkho ya m'dera zikhala m'manja mwa mfumu ndi bwalo lake. Zigawo zina zinalibe zimenezo, iwo okha. Sipanapite zaka zambiri, malamulo anayamba kubwera kuchokera ku Lusaka, lero kuchotsa ichi, mawa icho. Pomaliza malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, pangano n'kutha mphamvu. Ndi dzina lomwe la chigawo linasinthidwa.

"Banatipatsa dzina ya kwamene dzuwa ilowa," anatero. "Kumadzulo. Kumadzulo kwa ndani?"

Popeza ndine munthu wa maphunziro osatha, ndinayesa kunena mbali inayo monga tinaimvera m'kalasi: kuti dziko lakhanda silingakhale ndi eni awiri, kuti ukapatsa mmodzi ufulu wapadera mafumu onse abwera ndi mbale zawo, kuti ovota m'dziko lonse ndi amene anatsegula njira yosinthira malamulowo. Ndinali nditaonanso kuti pa chigayo pomwepo anthu sankagwirizana. Ena ankafuna pangano libwerere, ena ankafuna kuchokeratu, ena ankangofuna ntchito ndi msewu wabwino.

Bo Sitali anagwedeza mutu. "Kapena banali na vifukwa. Munthu aliyense ali na vifukwa. Koma polowa tinakhala pansi tonse babili. Pochotsa banakhala pansi beka."

Pobwerera anandisenzetsa thumba lolemera kuposa onse, ndipo nditagwa nalo mumchenga anaseka mpaka kutsokomola. Mawa lake pa chigayo wina ananditcha dzina lachilozi limene mpaka pano akukana kundimasulira. Ndinadziwa kuti ndakhululukidwa.

Mvula inabwera n'kupita, inabweranso. Ndinaphunzira kutopa, monga ananditumira. Ndinaphunzira kuwomba m'manja pa malo ake. Uthenga wotsiriza wa Ba Mwansa wokhudza geti unali wakuti pa yadi panachitika msonkhano, anthu anakweza manja, ndipo amuna awo apeza mawu atsopano amene akuwakonda kwambiri: yadi imodzi, geti imodzi. Nditafunsa kuti manjawo anakwezera chiyani, anayamba kufotokoza za mtengo wa makala. Kuyambira pamenepo, kumbuyo kwa mawu awo mbuzi ija sinamvekenso.

Bo Sitali ndi amene ananditumiza kwathu, ndi thumba la mpunga. "Yenda ukaone. Mulongo wanga wayamba kukamba ati vonse vili bwino."

Ndinafika ku George Lamulungu m'mawa. Mapazi anandipititsa okha ku njira ya kumbuyo, monga kale. Ndinayenda mpaka pa mulu wa miyala pamene amayi ankakhala podikira nsomba, ndipo ndinaima. Khoma lakale ndi lakuda ndi utsi ndi mvula. Pakati pake panali mabuloko atsopano, otuwa, omangidwa bwino, msinkhu ndi mulifupi mwa geti. Aliyense wodutsa akanatha kuona pamene linali. Ndinazungulira ndi thumba langa kukalowera kutsogolo.

Ndinene zoona, chifukwa mboni siyenera kukondera: yadi inali itakongola. Makoma opakidwa penti, thanki la madzi pamwamba, geti lalikulu lachitsulo loyenda pa mawilo. Chingwe cha zovala chinali chitasamutsidwa, ndipo maso ankayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo osapunthwa. Pakhomo pa Amake Inonge panali mpopi wawowawo, ndi waya wa magetsi amene sankalipira. Ana a matenanti ankawaitana kuti agogo. Pa denga pawo panalibe nsomba.

Ba Mwansa anandilandira ndi chikondi chonse. "Wakuda monga poto! Banakukana ku dziko yakunja?"

Ba Gift anandigwira dzanja ngati munthu, koyamba m'moyo, kenaka anandiyendetsa kundionetsa chitukuko. Pa mabuloko aja anafulumira kulankhula ndisanafunse.

"Usayambe, Yotamu. Bakawalala benze kulowa. Matenanti benze kudandaula ati chifukwa chani uyu ali na malamulo yake. Tinaitana miting'i, bantu banavota. Na ine niganizira beve. Ni bakulu manje, bangagwe usiku, ndani azabaona? Ni bamayi bathu. Mayi wa pa nyumba akhala bwanji na geti yake monga mulendo?"

"Iwo anavota bwanji?"

"Dzanja imodzi siingapose yadi yonse."

Masana, anthu atabwera ku tchalitchi, ndinapempha kuti yadi ikhale pansi pa mtengo wa mapeyala. Anabwera onse, mokondwa, ena ndi mipando. Amake Inonge anakhala pa mphasa yawo chapatali, ataonda pang'ono, manja pa maondo. Ndinaimirira. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kunena chinthu chimene ndinkatanthauza kuyambira mutu mpaka mchira.

"Abale ndi alongo, ine ndinalipo tsiku limene mpanda uwu unabadwa. Ndabwera kudzachitira umboni."

Wina anayamba kuseka kumbuyo.

"Panali pangano pakati pa malemu bambo ndi mayi awa. Mpanda umodzi, koma geti lawo likhale lawo."

"Wabwera Yotamu!" anakuwa tenanti wina, akumenya ntchafu. "Tinamusowa!"

Ndinapitiriza. Ndinanena mawu onse monga ananenedwera, za alendo, za fungo la nsomba, za chipewa chimene bambo anavula. Ndikamalimbikira kuuma nkhope, m'pamene ankagubuduka. Vuto ndi lakuti nkhope ndili nayo imodzi yomweyi. Ndi imene ndinalengezera kale kuti nkhuku ya aneba yapempha chitetezo m'poto mwathu, ndi imene ndinawerengera mbiri ya moyo wa wailesi ya bambo itapsa. Ba Mwansa ankapukuta misozi ndi chitenje. "Mulamu, leka, nizafa!"

Ba Gift okha ndi amene sanaseke kwambiri. Ankadziwa. Anadikira phokoso litsike.

"Pepala ili kuti?"

"Panalibe pepala. Panali mawu a bambo. Anati zikhala choncho ali moyo, ngakhale atapita."

"Batate banakamba vambiri, Yotamu. Banakambanso ati uli pa holide."

Yadi inaphulika. Msonkhano unathera pomwepo, anthu akunyamula mipando, akundisisita pamsana, akundipempha kuti Lamulungu likubwerali ndidzachitenso.

Ndinapita kukakhala pa mphasa ya Amake Inonge. Anatsegula thumba la mpunga, natapa pang'ono, nanunkhiza, ndipo nkhope yawo inapita kutali kumene ine ndinali nditangochokako. Anandiuza kuti amayi a njira ya kumbuyo anasiya kubwera, chifukwa kuzungulira mpaka kutsogolo, kugogoda pa chitsulo ndi kufunsidwa kuti mukufuna ndani, zonsezo chifukwa cha nsomba ya ndiwo imodzi, n'zotopetsa. Tsopano amasenza beseni kupita nalo ku msika m'mawa uliwonse.

"Amayi, mboni yanu yalephera," ndinatero. "Koma ku Mongu ndinaphunzira kunyamula zolemera. Ndibwereka hamala. Mabuloko aja mawa sakhalapo."

"Iyayi."

"Ndi anu malo aja."

"Ukagwetsa iwe, ija ni chibowo. Mawa Gift azatseka, bantu bazakamba ati wakonza mpanda. Akagwetsa Gift na manja yake, ija ni geti." Anamanga thumba. "Wakamba vamene unaona, pamaso pake. Gift wamvera. Vinasala ni vanga."

Sindinamvetse kuti zotsalazo ndi ziti mpaka mawa lake.

Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, tinali pa khonde. Ba Gift anali atabwera ku ntchito, atavula nsapato, kapu ya tiyi m'manja. Geti lalikulu linali lotsegula mbali yonse, ana akuthamanga kulowa ndi kutuluka. Ndinaona Ba Gift akuyang'ana ku msewu kawirikawiri, ngati munthu wodikira jekeseni. Kenaka Amake Inonge anatulukira, beseni pamutu, fumbi la ku msika m'mapazi. Anafika pa njanji imene geti limayendapo, naima, zala za kumapazi zisanakhudze chitsulo.

"Odi!"

Ana anathamangira. "Lowani, agogo!"

Sanasunthe. "Odi kuno!"

Ba Mwansa, amene ankasankha nyemba pafupi nane, sanadzutse mutu. Anandinong'oneza kuti ndi tsiku lililonse, chimangidwireni mabuloko aja. Akayankha iwo, mayiwa salowa. Akayankha tenanti, salowa. Amadikira mwini geti. Ba Gift akachedwa ku ntchito, mayiwa amatula beseni, n'kukhala pa mwala kunja, kumapereka moni kwa odutsa onse, ndipo msewu wonse umadziwa chimene akudikira. Abusa anabwerapo kudzawapempha. Ba Gift anayesapo kuwapatsa kiyi wa geti lalikulu, womangidwa pa kansalu kokongola. Anathokoza, nawomba m'manja, n'kumusiya pa khonde.

Munthu sanena odi pakhomo pake. Zimenezo ku George amadziwa ndi mwana yemwe.

"Odi, eni nyumba!"

Kutsidya kwa msewu mayi wogulitsa tomato anasiya kuitana makasitomala. Wometa tsitsi anatuluka m'kantemba kake, makina ali m'manja. Ba Gift anaika kapu pansi, nandiyang'ana, ndipo nkhope yawo inali ya mkulu wanga wa kale, uja tinkagona naye bulangeti limodzi.

"Yotamu, bayankhe iwe. Bamakumvera."

"Ba Gift, ine pano ndine mlendo. Geti si langa."

Kenaka anaimirira, osavala nsapato, nayenda pa yadi yawo yosesedwa bwino mpaka pa chitsulo.

"Amayi, napapata. Pano ni panu. Lowani."

Amake Inonge anapinda maondo, beseni lili pamutu, nawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo, ba landilodi."

Analowa, nadutsa pakati pathu tonse mosathamanga, kulunjika kumbuyo. Panalibe woseka. Ba Gift anatsala ataima pamenepo, dzanja pa geti lawo, mapazi ali pa fumbi, ngati mlonda amene sanauzidwe nthawi yoweruka.